Alamu ya galimoto ku Khonjeni: nkhani yagona pa mawaya

Kabokosi kake n'kokwana m'dzanja. M'mashopu a zipangizo za galimoto ku Limbe amakagulitsa pamodzi ndi sayirini, marimoti awiri, kanyali kofiira ndi mtolo wa mawaya amitundumitundu. Wogulitsa salephera kulonjeza: zitseko zizikhomeka ndi batani, wakuba akangoigwira galimoto ikuwa, akafuna kuiliza ikana. Zonsezo n'zotheka ndithu. Koma za m'katonimo ndi mbali yochepa ya ntchito. Mbali yaikulu imachitikira kunsi kwa chiwongolero, kumene munthu wagona chagada, pulayala ili m'manja, akusankha waya woti asende, woti adule, ndi woti asamuyandikire n'komwe. Alamu yomweyo ikhoza kulondera galimoto zaka zambiri, ikhozanso kumapha batire sabata ndi sabata, kuzimitsa injini pamtsetse, kapena kubutsa moto m'dashibodi anthu ali m'tulo.

Ku Khonjeni nkhaniyi imalemera kuposa ku Blantyre. Malowa ali pa njanji yochokera ku Limbe, yodutsa ku Luchenza n'kutsikira ku Sandama kulowera ku Nsanje, imene inatsegulidwa mu 1908, koma masiku ano anthu ndi katundu wawo amadalira kwambiri matayala. Kuchokera pamphambano ya msewu wa M2 kulowa mkati mumakumana ndi ma Sienta odzaza anthu, ma Probox onyamula katundu wa m'magolosale, njinga zamoto za kabaza, ndi malole opita ndi masamba a tiyi kufakitale. Kwa eni ake ambiri, galimoto kapena njingayo ndiwo mpamba wonse wa banja. Usiku imagona pabwalo, nthawi zambiri popanda mpanda. Ndipo mawaya akasokonekera, mmisiri wozidziwa bwino za magetsi a galimoto angafunike kukamutenga ku Luchenza, ku boma ku Thyolo, mwinanso ku Limbe kwenikweniko. Alamu yovuta kuno imadyetsa munthu tsiku lathunthu la ntchito.

Choncho musanagule, dzifunseni kuti wakubayo akufuna chiyani. Galimoto yonse siibedwa kawirikawiri ngati zinthu za m'kati mwake: batire, wailesi, jeke, tayala la sipeya, katundu woiwalika pampando. Njinga yamoto ndiyo imapita yathunthu, ndipo malire a Mozambique sali patali. Ikawoloka Ruo, kuipezanso n'kwa mwayi. Yankho la funsoli ndilo limanena mawaya amene ayenera kupatsidwa chidwi chachikulu.

Alamu imamva, imakuwa, imaletsa. Imamva kudzera m'masuwichi a zitseko ndi boneti komanso kasensa komva kugwedezeka. Imakuwa ndi sayirini ndi maindiketa. Imaletsa ndi relay yodula njira ya moto wolizira injini. Kabokosi kaja kamangolandira uthenga uku n'kulamula uko, ndipo sikangachite chilichonse choposa zimene mawaya akukauza.

Waya woyamba, amene nthawi zambiri amakhala wofiira, amafuna moto wosazima wa mavolti 12, kiyi akhalepo kapena asakhalepo. Pa waya ameneyu pamafunika fyuzi, ndipo fyuziyo ikhale pafupi penipeni ndi pamene motowo watengedwa. Ambiri amaganiza kuti fyuzi imateteza kabokosi. Ntchito yake yaikulu ndi kuteteza waya. Chitsulo chonse cha galimoto ndi negetivi, ndiye waya wamoto akakhuzika penapake n'kukhudza chitsulo, batire limakhuthula ma ampu mazanamazana nthawi imodzi. Fyuzi ikakhalapo imapsa, basi nkhani yatha. Ikapanda kukhalapo, kapena ikakhala kutali kumapeto kwa waya, wayayo amafiira, chikopa chake n'kuyaka, moto n'kugwira mtolo wonse. M'pake kudana nacho chizolowezi choika kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu pamalo a fyuzi yakupsa. Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza ndiye kuti pali shoti penapake, ndipo kuikapo yaikulu sikuchotsa shotiyo.

Pali chinanso chimene amisiri abwino amachisamala. Moto wa kabokosi ndi moto wopita ku maindiketa uzikhala pa mafyuzi osiyana. Nyali za maindiketa zili kunja, aliyense atha kuzifikira, ndipo shoti ya kumeneko siyenera kugwetsa alamu yonse.

Waya wakuda ndi wa earth. Amangidwe pa bauti yolowa m'chitsulo chenicheni cha galimoto, penti atapalidwa, osati pa kasikuluwu kogwira pulasitiki ya dashibodi. Alamu zambiri zimene anthu amati zili ndi mizimu, zolira zokha, zokhoma zitseko popanda wozituma, vuto lake limakhala earth yogwedera. Waya wachitatu ndi wouza kabokosi kuti kiyi watembenuzidwa. Ameneyu ayenera kukhala ndi moto kiyi ali pa ON komanso panthawi imene sitata ikuzungulira. Waya wa wailesi amanyenga, chifukwa amayaka kiyi akatembenuzidwa koma amazima sitata ikamalira. Mukalumikiza pamenepo, kabokosi kamaganiza kuti dalaivala wachotsa kiyi pomwe iye akuliza galimoto.

Mitundu ya mawaya a galimoto si yodalirika. Wobiriwira wa mu Toyota sagwira ntchito ya wobiriwira wa mu Nissan, ndipo ngakhale ma Sienta a zaka zosiyana amasiyana. Waya aliyense ayezedwe ndi mita asanasendedwe.

Pa zitseko, galimoto zambiri za ku Japan zimatsata njira imodzi: chitseko chikatseguka, suwichi yake imagunditsa waya ku chitsulo, ndipo alamu imamva negetivi imeneyo. Chovuta n'chakuti m'galimoto zina chitseko chilichonse chili ndi waya wakewake. Mmisiri wothamangira kasitomala wina amangolumikiza cha dalaivala. Mwini wake amayesa chomwecho, alamu ikulira, iye n'kulipira akumwetulira, osadziwa kuti zitseko zotsetsereka za Sienta ndi chakumbuyo chija zatsala zosalondedwa. Kuti zonse zimveke, waya wa chitseko chilichonse amadutsa pa dayodi yake, kachipangizo kotchipa kolola moto kuyenda mbali imodzi yokha, monga 1N4007, kenako n'kukumana pa waya wa alamu. Madayodi omwewa, koma okulirapo, amafunika pa maindiketa ngati alamuyo ili ndi waya mmodzi wa nyali. Kumanga pamodzi waya wa kumanzere ndi wa kumanja popanda madayodi kumachititsa kuti dalaivala akalozera mbali imodzi, ziphethire mbali zonse. Wa njinga amene akubwera m'mbuyo pa M2 sangadziwe kumene mukukhotera.

Za maloko sindichedwapo. Galimoto yokhala kale ndi batani lokhomera zitseko zonse imangofuna kamoto kachidule kuchokera ku alamu, kanegetivi kapena kapozitivi malinga ndi mtundu wake, ndipo kulakwitsa apa kumawotcha timamota ta m'zitseko. Imene ilibe batanilo imafuna timamota tatsopano m'chitseko chilichonse, ndipo mtengo wa ntchito umakwera.

Boneti ndiye malo amene ambiri amawaiwala, chonsecho batire ndi limene limabedwa msanga. Wakuba akachotsa waya wa batire, alamu wamba imafa osanena kanthu. Mankhwala ake ndi awiri. Pa boneti paikidwe suwichi, kuti ikangotukulidwa phokoso liyambe batire lisanakhudzidwe. Ndipo sayirini ikhale ya mtundu uja wokhala ndi kabatire kakekake m'kati, imene imakuwa moto ukadulidwa. Sayiriniyo imangidwe kukamwa kutaloza pansi kuti madzi asadekhemo, kutali ndi paipi yotentha ya utsi, komanso pamalo oti dzanja lochokera kunsi kwa galimoto lisafike pa mawaya ake.

Tsopano relay, imene kwa ine ndiye pamene pali chiweruzo chonse cha ntchitoyi. Relay ndi suwichi yoyendetsedwa ndi magetsi. Yofala ili ndi miyendo yolembedwa manambala: 85 ndi 86 ndi ya koyilo, 30 ndi polowera, 87 ndi 87a ndi potulukira. Koyilo ikakhala yopanda moto, 30 imagwirana ndi 87a. Ikalandira moto, 30 imasiya 87a n'kugwirana ndi 87. Mmisiri amadula waya wochokera pa kiyi kupita ku sitata, nsonga imodzi n'kuika pa 30, inayo pa 87a. Masiku onse moto umadutsa ngati palibe chimene chinachitika. Alamu ikatcheredwa, wina n'kuyesa kuliza, koyilo imakoka, njira n'kuduka, sitata n'kukhala duu. Ubwino wa kalumikizidwe aka ndi wakuti kabokosi kakafa, galimoto imalirabe. Ena amakonda mwendo wa 87, kuti galimoto izilira pokhapokha alamu italola. Wakuba zimamuvuta kwambiri, inde, koma tsiku limene kabokosi kadzafe mwini wakenso adzagona pomwepo. Kwa munthu amene mmisiri wake ali ku Limbe, ine ndingasankhe 87a.

Funso lalikulu ndi la waya woyenera kudulidwa. Pali amisiri okonda kudula wa pampu ya mafuta kapena wa moto wa injini, ponena kuti ndiye chitetezo chenicheni. Taganizani bwino. Waya wa sitata amagwira ntchito kamphindi kochepa galimoto itaima. Waya wa pampu amagwira ntchito ulendo wonse. Polumikiza pakagwedera chifukwa cha mabampu, kapena relay yotchipa ikatopa, injini imazima galimoto ikuthamanga. M'galimoto zambiri injini ikazima chiwongolero chimalemera, ndipo mabuleki amakhala ndi mphamvu yothandizira yokwana kuponda kawiri kapena katatu, kenako amauma gwa. Thyolo ndi dziko la zitunda ndi mitsetse. Amene anatsikapo msewu wa ku Thekerani kulowera ku Muona akudziwa kuti kumeneko si koyeserako zoterezi.

Alamu zambiri zotchipa zilinso ndi nzeru ina yolimbana ndi olanda galimoto pamsewu: chitseko chikatseguka injini ikulira, kabokosi kamawerenga masekondi, ndipo dalaivala akapanda kudina kabatani kobisika, kamazimitsa galimoto. Nzeruyi inapangidwira mizinda ngati Johannesburg. Pa Sienta yonyamula anthu, imene chitseko chimatseguka pasiteji iliyonse, ndi msampha wotchera mwini wake. Izimitsidwe pokonza kabokosi.

Kudula sitata kuli ndi kufooka kwake: galimoto ya magiya a pamanja itha kulizidwa poikankha. Koma zambiri zochokera ku Japan ndi za otomatiki, zimene sizilira ndi kukankha. Pa ya magiya a pamanja, makamaka ya dizilo, kudula mafuta kungakhale koyenera, bola alamuyo ikhale ya mtundu wosatha kudula injini ikangolira, ndipo polumikiza pakhale powotcherera bwino, ndi relay ya ma ampu 30 kapena 40. Komanso zonsezi n'zachabe ngati kabokosi kangomangidwa ndi lamba kunsi kwa chiwongolero, mawaya ake owala akuloza pamene padulidwa. Wakuba wozolowera amasuzumira pamenepo poyamba. Kabokosi kabisike m'kati mwa dashibodi, relay ikhale kwina, mawaya akulungidwe ndi tepi yakuda kuti afanane ndi a kufakitale.

Umboni wa kunja ukusonyeza kuti choletsa chimapulumutsa galimoto kuposa chokuwa. Kuyambira mu 1998, galimoto zatsopano zogulitsidwa m'maiko a European Union zinakakamizidwa kukhala ndi immobiliser, kachipangizo kamene kamalola injini kulira pokhapokha katazindikira katchipi ka m'mutu mwa kiyi. Akatswiri a zachuma Jan van Ours ndi Ben Vollaard, pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, anapeza kuti kachipangizoka kanachepetsa kuba galimoto ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse. Ku America, kumene lamulo lotere kunalibe, galimoto zambiri za Kia ndi Hyundai zopangidwa pakati pa 2011 ndi 2021 zinatuluka zopanda immobiliser, ndipo achinyamata ataphunzitsana pa TikTok kalizidwe kake, kuba kunakwera koopsa. Galimoto zathu zochokera ku Japan, zolowa kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban, zilipo zokhala nayo ndipo zilipo zopanda, makamaka zakale ndi zonyamulira katundu. Kiyi wachitsulo chokhachokha, amene atha kudulidwa pamsika n'kuliza galimoto, ndi chizindikiro chakuti mulibe. Mwini galimoto yotereyo relay ija ikumufunikadi. Mwini wa yokhala ndi tchipi asalole kuti wina amatirire kiyi wa sipeya pafupi ndi polowetsa kiyi pofuna kuti galimoto izilira ndi rimoti. Potero wachotsa chitetezo chabwino koposa chimene galimotoyo inabwera nacho, n'kuikapo chotsika.

M'dashibodi muli mawaya osayenera kuwaseweretsa. Okulungidwa ndi chikasu, kapena olowa m'mapulagi achikasu, ndi a ma airbag. Tesita ya babu, imene amisiri ambiri amayenda nayo m'thumba, imadutsitsa moto wokwanira kuphulitsa airbag pankhope pa munthu kapena kuwononga kompyuta yake. N'chifukwa chake mita ndiyo yoyenera. Mabuku a Toyota amalangiza kuchotsa waya wa negetivi pa batire n'kudikira masekondi osachepera 90 musanagwire ntchito pafupi ndi zimenezi. Mawaya okhuthala amtundu wa lalanje ali m'galimoto za hybrid, zimene zachuluka chifukwa cha kudula kwa mafuta: batire lalikulu la Toyota Aqua yoyamba lili ndi mavolti 144, la Prius limapitirira 200. Amenewo amapha. Ndiye pali timawaya tiwiri topotana, tonyamula mauthenga pakati pa makompyuta a galimoto. Njirayi, yotchedwa CAN, anaitulutsa a kampani ya Bosch mu 1986, ndipo lero ili pafupifupi m'galimoto iliyonse yatsopano. Kulowetsamo mavolti 12 kungaphe kompyuta yodula kuwirikiza kambirimbiri mtengo wa alamuyo. M'galimoto zambiri zolizira batani, uthenga wa zitseko ndi maloko umayenda m'timawaya timeneti, ndiye zimafuna alamu yopangidwira mtundu umenewo, osati ya chilichonse.

Dandaulo lofala koposa ndi lakuti chiikireni alamu batire silichedwa kutha. Masamu ake ndi osavuta. Batire laling'ono la Vitz kapena Passo limakhala la pafupifupi 35Ah, kutanthauza kuti lingapereke ampu imodzi kwa maola ngati 35. Galimoto yoima imadya kale pang'ono posunga wotchi ndi makompyuta, ndipo amisiri amati zonse pamodzi zisapitirire 50mA. Tinene kuti ndi alamu zafika pa 50mA pomwepo. Pa tsiku ndi 1.2Ah, pa masabata awiri ndi pafupifupi 17Ah, theka la batire latsopano. Lakale likhala litagona kale. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku sizimva zimenezi. Ya mphunzitsi kapena ya kalaliki wa pa esiteti, imene imatuluka pa malipiro ndi pa maliro, kapena iliyonse yoimikidwa masiku amene mafuta asowa, imazimva. Tsono relay ikalumikizidwa molakwika, koyilo yake n'kumakoka usiku wonse m'malo modikira kiyi, payokha imadya kuposa 100mA. Mmisiri ayeze ndi mita asanayambe ntchito ndiponso atamaliza, zitseko zitatsekedwa, galimoto itakhala mphindi zingapo, ndipo akuonetseni manambala onse awiri.

Pa njinga yamoto masamuwa amaluma kwambiri. Batire lake ndi la 5Ah mpaka 7Ah. Alamu yodya 20mA imachotsa pafupifupi theka la Ah pa tsiku, ndiye njinga ikaima sabata imodzi, batire la 5Ah lataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a moto wake. Wa kabaza woyenda tsiku lililonse savutika, komanso kiki ilipo. Koma alamu zambiri za njinga zimabwera ndi batani lolizira ndi lozimitsira injini patali, ndipo rimoti ili m'thumba la buluku itha kudinika yokha njinga ili pa liwiro, kasitomala ali kumbuyo. Mawaya a mabatani amenewo ndi bwino kungowasiya osalumikiza. Tinenenso chilungamo: ngozi yaikulu ya wa kabaza ndi munthu wonamizira kukhala kasitomala madzulo, ndipo pamenepo sayirini ilibe chochita. Usiku, tcheni chokhuthala ndi loko, kapena kuilowetsa njingayo m'nyumba monga ambiri amachitira, zimaposa kabokosi.

Eni malole onyamula tiyi, nkhuni kapena nthochi asamale china. Malole ambiri a dizilo, kuphatikizapo ma Canter ochuluka ochokera ku Japan, ndi a mavolti 24, mabatire awiri olumikizana. Alamu ya mavolti 12 imapsa pomwepo. Njira yachidule yotenga moto pa batire limodzi imaoneka ngati yatheka, koma batire limenelo limatha msanga kuposa linzake, awiriwo n'kumawonongana, mapeto ake mwagula onse. Ilipo alamu ya mavolti 24, kaliponso kachipangizo kotsitsa moto.

Nyengo ya kuno imayesa ntchito ya mmisiri aliyense. Mvula ya dzinja ndi yambiri, ndiyo imene tiyi amakondera dera lino. Ikatha, miyezi yozizira imabwera ndi chiperoni, chinyezi cholowa paliponse. Chilimwe chimadza ndi fumbi ndi kutentha kosungunula ulimbo wa tepi. Mawaya ongopotedwa ndi zala n'kukulungidwa tepi amagwira bwino mwezi woyamba. Kenako tepi imasomphoka, mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira, mabampu a misewu ya m'minda n'kumaliza ntchito. Polumikiza pafunika solda kapena zopanira zoyenera, pamwamba n'kuvekapo kapaipi kofota ndi kutentha. Waya wodutsa kuchokera ku injini kulowa m'kati adutse pa kamphira, osati pabowo lachitsulo chakuthwa. Kabokosi kakhale m'mwamba, osati pansi pa kapeti. Amene anaona madzi a namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023 sangafunse chifukwa chake.

Kasensa komva kugwedezeka kali ndi kosinthira mphamvu, ndipo amisiri amakonda kukakweza mpaka kumapeto kuti kasitomala asangalale poona galimoto ikulira ndi kukhudza kwa chala. Usiku womwewo ilira ndi bingu, ilira ndi lole yodutsa, ilira ndi bango logwa padenga. Galu wouwa usiku uliwonse anthu amaleka kumudzukira, ndipo alamu yotere imathera pomwepo: anansi amangotembenuka n'kufunda, mwini wake amayamba kuisiya yosatchera. Kasensako kamangidwe pa chinthu cholimba pakati pa galimoto, kasinthidwe kuti kamve kumenya kwenikweni kwa chikhatho pa chipilala cha galasi, osati mphepo.

Marimoti nawo ali pawiri. Otchipa amatumiza nambala imodzimodzi nthawi zonse, ndipo kachipangizo kokopera marimoti katha kuijambula. Abwino amasintha nambala pa kudina kulikonse. Njira yotchuka ya mtundu umenewu, KeeLoq, inapangidwa ku South Africa ndi kampani ya Nanoteq m'zaka za m'ma 1980, n'kugulidwa ndi Microchip ya ku America mu 1995. Pa katoni pafufuzidwe mawu onena kuti nambala imasinthasintha. Abale athu okhala ku Joni adzakuuzaninso za akuba oima pamalo oimika galimoto akudina rimoti yawo kuti uthenga wa yanu usafike, inu n'kuchoka mukuyesa mwakhoma. Mukafika ku Limbe kapena ku Blantyre, mukadina, kokani chitseko ndi dzanja.

Phokoso limathandiza pokhapokha pali wolimva amene angatuluke. M'nyumba za pa esiteti ngati Conforzi, Naming'omba kapena Makandi, kumene kuli alonda, sayirini ili ndi woiyankha. Pa malo a malonda, pamene pali mlonda wa mashopu ndi achitetezo cha m'mudzi, imathandizanso ngati anthuwo akuidziwa kuti silira chabe. Panyumba ya payokha kumapeto kwa munda, mvula ikuwomba pa malata, mwina ngakhale mwini wake sangaimve. Apa m'pamene ena amawonjezera tracker, kachipangizo ka SIM khadi ya TNM kapena Airtel konena pamene galimoto ili. N'kothandiza, makamaka pa njinga, koma kamafuna netiweki, imene m'zigwa imazimirira, kamafuna mayunitsi osatha, ndipo nakonso kamadya batire. Ambiri mwa ma tracker amalola kuzimitsa injini ndi uthenga wa pafoni, zimene zikutibwezera ku nkhani ya mtsetse ija: abwino amadikira kuti liwiro litsike kaye. Malo amene kakuonetsa ndi okapereka kupolisi, osati kuwalondola nokha usiku. Ndipo pa zonsezi palibe chobweza ndalama galimoto ikapita. Inshulansi ya third party, imene ambiri ali nayo, silipira kubedwa. Imalipira ndi ya comprehensive.

Amisiri odziwa alipo. Ena anadutsa m'sukulu za ntchito zamanja ngati Soche Technical College ku Limbe, pansi pa maphunziro oyang'aniridwa ndi TEVETA, ena anaphunzirira pa galaja kwa zaka zambiri ndipo manja awo ndi abwino zedi. Pepala lokha silikwanira kuwasiyanitsa. Onani zida: ali ndi mita kapena tesita ya babu yokha? Ali ndi chowotcherera solda? Akufunsa chaka ndi mtundu wa galimoto asanatchule mtengo? Ntchito yabwino imatenga maola angapo, ndipo wolonjeza kumaliza inu mukumwa Fanta akudumpha zina mwa zimene zanenedwa pamwambapa.

Musanalipire, yesani nonse awiri. Tcherani alamu, tsegulani chitseko chilichonse pachokha, chakumbuyo ndi boneti zomwe. Lozerani kumanzere, kenako kumanja, wina akuyang'ana kunja. Alamu ili yotchera, yesani kuliza. Onani ngati nyali ya airbag ikuzima monga kale injini ikalira. Kenako mmisiri akuonetseni zinthu zitatu: fyuzi, relay, ndi kabatani kobisika kozimitsira alamu rimoti ikatayika kapena kabatire kake kakatha, n'kukuphunzitsani kadinidwe kake. Akujambulireni papepala waya amene wadula ndi pamene wadulira, pepalalo mukalisunge kunyumba pamodzi ndi blue book, osati m'galimoto. Alamu zotchipa zimafa galimoto ikadali ndi moyo, ndipo amene adzaichotse adzafunika kupeza nsonga ziwiri za waya wa sitata uja n'kuzilumikizanso. Popanda pepalalo adzayamba ndi kumasula dashibodi yonse, pa mtengo wanu.